Ndinazimitsa Alamu Osamuyang'ana Mwana

Inu owerenga, pali mwana wina wa ku Vubwi amene mwina akanakhala ndi moyo lero ndikanangotembenuka kumuyang'ana. Madokotala anati mtima wake unali utatheratu kale, koma mawu amenewo sanandichotsere mlandu mumtima mpaka pano.

Ndine namwino, kwathu ndi ku Sinda. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinkagwira ntchito pachipatala china kuno kum'mawa, m'chipinda cha ana odwala mwakayakaya, makamaka amene mitima yawo inawonongeka ndipo akudikira kupita ku Lusaka kukachitidwa opaleshoni. Ambiri ankatisiya tsiku la ulendolo lisanafike. Mabedi anali asanu ndi limodzi, ndipo kawirikawiri namwino ndinkakhala ndekha.

Anzanga ankanditchula kuti Chitsulo, ine n'kumanyadira. Wina akadwala, shifiti yake ndinkaitenga ndine. Tchuthi ndinkachikana, ati ana angasowe wowasamalira. Mnzanga wina nditamupeza akulira pakhonde mwana atamwalira, ndinamuuza kuti ngati amakonda kulira akafune ntchito kumaliro. Pakamwa panga panali polusa, ndikuvomera.

Zizindikiro zinalipo, koma ine ndinkazitcha kulimba mtima. Sindinkagona bwino. Mwana wanga akatsokomola kunyumba ndinkamukalipira m'malo momugwira pachipumi. Kukwaya ya kutchalitchi ndinasiya. Ngakhale mayina a odwala anga ndinasiya kuwasunga, ndinkangoti bedi lachiwiri, bedi lachinayi, chifukwa bedi silifa.

Mwana aliyense m'chipindamo amakhala ndi kachipangizo kopana chala, kolumikizidwa ku makina oonetsa kugunda kwa mtima ndi mpweya m'magazi. Zinthu zikasokonekera makinawo amalira. Koma ana sakhazikika, ndipo kachipangizoko kakangosuntha pang'ono alamu imaliranso popanda vuto lililonse. Tsiku lonse limatha ndi phokoso. Dzanja langa linazolowera kudina batani lozimitsira, maso ali kwina.

Linali Lachinayi masana, kutentha kwa Okutobala kuja, ndipo ndinali nditagwira masiku ambiri otsatizana osapuma. Pabedi lachitatu panali kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake atakhala pambali. Anali mayi ofatsa, a kumalire ndi Mozambiki, oopa ngakhale kupempha madzi akumwa. Makina a mwanayo analira, ine n'kudina batani podutsa. Atalira kachiwiri mayiwo ananyamuka n'kundipindira maondo.

"Anesi pepani, mwanayu akupuma mwachilendo. Tamuonaniko."

Ndinawayankha kuti makinawo ndi khalidwe lake kulira, ndipo ngati akudziwa unamwino kuposa ine ndiwavulire yunifolomu avale. Anabwerera pampando. Ndinazimitsa kachiwiri n'kupitiriza kukonza mankhwala a ana ena.

Pamene ndinkafika pabedipo ndi jakisoni wake, milomo inali itada. Kachipangizo kanali pachala bwinobwino, makina sankanama. Tinaitana dokotala, tinayesa zonse zimene timadziwa, koma dzuwa lisanapendeke kwambiri mwana anali atapita. Polemba chikalata ndi pamene ndinadziwa kuti dzina lake anali Esinati. Ndinali nditamusamalira milungu iwiri.

Mayiwo analibe wachibale pafupi, ndipo galimoto yonyamula maliro mpaka ku Vubwi sakanaipeza. Anasankha kuchita zimene amayi ena akumudzi amachita zikawathina: kubereka mwanayo ngati wagona, kumufunditsa chitenje kumutu, n'kukwera minibasi osagwetsa msozi kuti asatsitsidwe panjira. Anapempha ineyo kuti ndiwathandize. Ndinamukweza kumsana kwawo, ndinakonza timiyendo take, iwo n'kumanga mfundo. Atamaliza anatembenuka n'kundiombera m'manja.

"Zikomo anesi, mwayesetsa. Mulungu akupatseni mphamvu, ntchito yanuyi ndi yolemetsa."

Chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti nthawi imeneyo sindinamve chilichonse. Ndinasamba m'manja n'kukasintha nsalu za pabedi. Misozi inabwera patatha masiku atatu, pamsika wa Katete, nditaona mayi wina atabereka mwana wofunda chitenje kumutu. Ndinakhala pansi pakati pa ogulitsa tomato n'kulira mpaka anthu anandizungulira.

M'mawa mwake ndinakaulula zonse kwa mkulu wa anamwino. Anandipatsa tchuthi n'kunditumiza kwa mlangizi, amene anandiuza kuti kutopa kwa mtundu umenewu ndi matenda, ndipo kumagwira kwambiri amene amadziyesa olimba. Pano ndimagwira kusikelo ya ana pa kiliniki ina yaing'ono. M'chipinda chija sindinabwereremo.

Anzanga a m'zipatala, mukaona kuti imfa ya mwana yasiya kukukhudzani, musamati mwakhwima pantchito. Mwadwala. Kauzeni mkulu wanu, tengani tchuthi chanu, ndipo mnzanu akalira musamuseke ngati mmene ndinachitira ine. Inunso akuluakulu oyang'anira, mutu umodzi susenza denga, ndiye muzimuopa namwino amene sakana shifiti. Ndipo mayi akakuuzani kuti mwana wake wasintha, siyani zonse mukamuone, chifukwa iye amamudziwa kuposa makina.

Kaya mwanayo akanachira kaya ayi, sindidzadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ku Vubwi kuli mayi amene amanditenga ngati munthu wabwino, ndipo mpaka lero sindinapeze mphamvu zokawauza zoona.