Tsiku lomwe katipoti kanga kanatsala pang'ono kupita ku Ilford

"Ndevu zonsezo, ukulimbirana zidole ndi mwana? Tam'patsa!" anakalipa amayi.

"Si chidole, mami. Chabwino, ndi chidole, koma ngakhale agogo a agogo anu anakapeza kali kale padziko."

Zinali chonchi. Nditangomaliza mayeso, anzanga akupenga ndi nsapato, ine ndinagwidwa matenda a timakapu. Ndinasesa mashopu onse a kaunjika mu Croydon muno, mpaka tiramu, kasitima koyenda mumsewu, inayamba kundipatsa moni, kusaka tiziwiya tadothi tomwe ana a azungu ankachitira masanje kalekale. Kapu yake ngati chitsekerero cha botolo. Zithunzi zabuluu za pa tiziwiyato sankajambula pamanja, ankadinda papepala n'kumata padothi. Ndiye poti pepalalo linali la mbale zikuluzikulu, pa katipoti kanga ng'ombe inadukira m'khosi. Ndimaikonda choncho, yopanda mutu.

Lamlungu limenelo kunabwera anti ena akutchalitchi, nesi wa ku Ilford, ndi kamtsikana kawo ka zaka zinayi. Kangoona katipoti pashelefu, kayatsa sayirini. Kwathu mwana wa mlendo akalirira chinthu ndiye chapita basi, ngakhale firiji. Anti pakamwa akuti, "Ayi, musavutike," dzanja likutsegula kale zipi ya chikwama.

Ndinagwada pamaso pa kamwanako.

"Adona, tiyi wa mu tipoti iyi amamwera pompano, pakapeti. Ine ndine wantchito wanu."

Ndinayala mathaulo onse a m'nyumba. Kanavomera, koma ndi malamulo ake: ndimange duku la amayi, ndipo dzina langa likhale anti. Tiyi wamphepo ndinamwa migolo. Kati watentha, ndiuzire. Kati shuga wachepa, ndikagule. Kakanyamula katipoti ndi dzanja limodzi, mzimu wanga unkatuluka n'kukaima pakhomo kudikira uthenga.

Mawondo atafa kale, kanayasamula, n'kundikankhira zonse. Kanandilamula m'Chingerezi kuti nditsuke ziwiya, kenako tulo pamiyendo pa mayi ake. Mayi akewo anatuluka atakoleka kamwanako paphewa. Ine phee, ngakhale kupuma ndinayamba ndaimitsa mpaka chitseko chitatsekeka.

Ndinajambula katipoti kali pashelefu pake, n'kuponya pa intaneti: "Lero ndamenya nkhondo yachimuna. Katundu wapulumuka."

Mnzanga wina sanachedwe kuyankha: "Aise, vidiyo yonse mami ako aiponya kale pagulu la kutchalitchi. Duku likukukhalatu, anti. Mawa tibwere ndi masikono?"