Mafuta a Miyendo ya Tadala

Ndinatsimikiza zopita ku Joni chaka chimene fodya wathu anabwerera kawiri ku okushoni, mpaka tinakamutaya kwa mavenda pa Nsaru pa mtengo wa tomato. Mwamuna wanga anali atanyamula kale tizovala take n'kukalowa chikamwini china ku Mpingu. Anandisiyira mwana mmodzi, Tadala, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ine ndinalumbira kuti mwana ameneyu sadzakalamba akusoka fodya ngati ine. Zoti ndimusiya ndi yani sizinandivutitse mutu. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni ake. Achimwene anga a Lefani anali ndi nyumba ya malata, zigafa zitatu za fodya, komanso anali mkulu wa mpingo. Amayi anga ankakhala pabwalo lomwelo. Ndinamugwira Tadala padzanja n'kumupereka, achimwene n'kunena kuti ndipite ndi mtima umodzi, mwanayu ndi magazi awo.

Ku Joni ndinapeza ntchito yotsuka magalimoto pamalo oimapo matakisi. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndinkaima m'madzi a sopo waukali uja wochotsera girizi. Tinkagona atatu m'kachipinda ka malata, ine, Asiyatu wa ku Mangochi, ndi mayi wina wa ku Zimbabwe amene sankalankhula ndi munthu. Ndalama inkabwera Lachisanu, pofika Lolemba yapita: lendi, ufa, yotsalayo kwa achimwene. Anthu akumudzi amaganiza kuti ku Joni ndalama umachita kutola pamsewu. Asa! Chimene ndinatola ine ndi kusungulumwa. Zaka zitatu palibe ananditchula dzina langa kupatula Asiyatu, ena onse ankangoti "Malawi, bwera kuno."

Chisanu choyamba miyendo yanga inatuwa mbuu. Kenako inayamba kuyabwa, khungu n'kumayoyoka ngati gaga, ukavula siketi pansi pamachita kuyera. Ine ndinachita zimene timachita kwathu: ndinasaka mwala wokhakhala, ndinagula sopo wochapira, n'kumakwecha m'mawa ndi madzulo ndi madzi otentha. Ndinkaganiza kuti ndi litsiro. Pakutha pa milungu iwiri misongolo inali itang'ambika ming'alu, magazi akuchucha. Namwino wa pakachipatala kakufupi anandikalipira ngati mwana, ati mwendo si poto woti uzikwecha. Anati nditaye mwalawo, ndizisamba madzi ofunda pang'ono osati owotcha, sopo waukali asayandikire khungu, ndipo ndizidzola mafuta okhuthala opanda fungo khungu lisanaume, kawiri pa tsiku, ndikafuna ndisakanizeko gilisalini. Kuntchito ndizivala majombo. Ndinamvera, ndipo pakutha pa mwezi miyendo inabwerera mwakale.

Ndiye tsiku lina amayi pa foni akundiuza kuti miyendo ya Tadala yatuwa, khungu likufunduka, ati ndi mphepo ya Juni ndi fumbi la kusukulu. Ine mtima unachita kudumpha ndi chimwemwe, kalanga ine, chifukwa kameneka kanali kanthu kamodzi komwe ndikanatha kumuchitira mwana wanga ndili kutali. Ndinagula chibotolo chachikulu cha mafuta aja ndi gilisalini, n'kupatsira bambo wina wonyamula katundu wa anthu. Ndinawalangiza amayi zonse zimene ananena namwino, mpaka anaseka, ati wasanduka dokotala eti. Sipanapite nthawi anaimbanso kuti mafuta atha. Ndinatumiza ena. Anathanso. Ine ndinkanyadira kuti mwana akudzola mosaumira.

Tadala pa foni analibe mawu ambiri. Ndili bwino amayi, kusukulu kuli bwino, atsibweni ali pompano. Ndikamufunsa za miyendo ankati ikupola. Kamodzi ndinapempha chithunzi, ananditumizira ataima pakhoma la tchalitchi, diresi lofika m'maondo, miyendo ikunyezimira. Chithunzi chimenecho ndinamuonetsa Asiyatu mpaka anatopa nane. Lero ndikamachiyang'ana ndimadzifunsa kuti maso anga anali kuti, chifukwa mwanayo sakuseka, ndipo waima cham'mbali, kumbuyo kwa miyendo sikukuoneka.

Chaka chachitatu, Lachisanu lina masana, kunabwera anyamata ambirimbiri ndi zikoti ndi zitsulo, akukuwa kuti alendo tonse tichoke. Sitinathe n'kuthawa komwe. Mnyamata wina anamumenya Asiyatu ndi chitsulo m'mutu, Asiyatu n'kugwa chafufumimba m'thovu la sopo. Ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire, amayi amadziwa. Ndinanyamula ndowa yachitsulo n'kumuphwanya nayo kumaso mnyamata amene anamenya Asiyatu, mano awiri anagwera pansi ndikuona. Anzake anandigwetsa, wina anandiponda pakhosi, awiri n'kumandikwapula miyendo ndi zikoti mpaka ndinasiya kumva kuwawa. Asiyatu anachira, koma khutu limodzi silimvanso.

Ndinagona milungu itatu, ndipo ntchito yanga inali kuyang'ana miyendo yanga. Ndinaona mmene mkwingwirima umapolera. Umayamba watupa, umada, umachita nkhanambo, umayabwa, kenako khungu limatuwa n'kumayoyoka, koma moyenda m'mizere, osati paliponse ngati la chisanu lija. Nditangotha kuponda pansi ndinagulitsa bedi ndi mbaula, ndinakwera basi. Ndinkati ndikupita kwathu kumene munthu samenyedwa popanda womuleretsa.

Ndinafika pa Nsaru mwezi wothyola fodya, njinga yamoto n'kukanditula pakhomo dzuwa lili pamutu. Linali Lachitatu, tsiku la sukulu, koma Tadala ndinamupeza m'chigafa akusoka fodya pamodzi ndi akazi a matenanti. Anali atatalika, atamanga chitenje chofika m'mapazi. Sanandithamangire. Anagwada patali n'kundilonjera ngati mlendo wa atsibweni ake. Zinandiwawa, koma ndinati zaka zitatu si masewera, azolowera.

M'mawa mwake atasamba, ndinatulutsa botolo latsopano m'chikwama, ndinakhala pakhonde la amayi n'kumuitana. Zaka zitatu ndinkalota tsiku lodzamudzoza ndi manja anga. Amayi anali pambali akusadzula nkhwani. Tadala anabwera, anayang'ana botolo, anayang'ana agogo ake, kenako ine.

"Amayi, komatu lero sanandimenye," anatero.

Sindinamve msanga. Ndinamufunsa kuti wati chiyani, iye n'kubwereza, modabwa kuti ndikutsekuliranji mafuta pamene palibe chachitika. Amayi anasiya nkhwani. Ndinamutembenuza mwana, ndinakweza chitenje. Kuyambira m'akatumba mpaka kuseri kwa maondo kunali mizere yokhayokha, ina yakale yoyera, ina yakuda, ina ya nkhanambo zosauma. Khungu lotuwalo linkayenda m'mizere. Ndikanaiona miyezi iwiri m'mbuyomo mwina ndikanati ndi chisanu, koma miyendo yanga inali ndi mizere yomweyo pansi pa siketi.

Mwanayo anafotokoza mosalira, ngati akunena za nyengo. Ati akang'amba tsamba posoka, atsibweni amamukwapula ndi mkangala, ndodo yopachikira fodya ija. Akachedwa kumjigo, mkangala. Akawodzera pa mapemphero, mkangala. Akatha kumumenya amamutumiza kwa agogo, agogo amamusambitsa madzi ofunda n'kumudzoza khungu lisanaume, monga mwa malangizo anga.

Za mmene ndinafikira kuchigafa sindikumbuka. Ndimakumbuka kuti ndinasolola mkangala, fodya yense amene anali pamenepo n'kugwera pansi. Achimwene anali atawerama akusankha masamba. Ndinawamenya kuseri kwa maondo ndi mphamvu zonse, anagwada. Ndinamenyanso, ndinamenyanso, mkangala unathyoka, ndinatola wina. Anadzuka n'kundipatsa chibakera pakamwa, mlomo unang'ambika, ine ndinawaluma pamkono mpaka ndinamva mchere wa magazi. Tinagubuduzana m'fodya, tikuphwanya masamba a chaka chonse. Ankakuwa kuti ndine wamisala, iwo ndi mwini mbumba, mwana wopanda ndodo amakula ngati galu wachiwewe. Ine ndinkatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Anatilekanitsa matenanti, amuna atatu kugwira ine ndekha. Sindibisa, akanapanda kundigwira ndikanapha munthu, ndipo mpaka lero sindinamvepo chisoni.

Anthu anadzaza bwalo: alamu anga, anansi, azimayi a kumpingo, ngakhale aphunzitsi a Sande sukulu amene amakhala kuseri kwa dambo. Ndinamukoka Tadala pakati pawo, ndinakweza chitenje chake kuti onse aone. Ndinkadikira kuti wina agwire pakamwa. Palibe anadabwa. Ena anayang'ana pansi, ena anayang'ana mlomo wanga wochucha magazi, ndipo ndinamva mayi wina akunong'ona kuti a ku Joni amabwera atasokonekera mitu. Chimene chinawadabwitsa si miyendo ya mwana, koma mkazi womenya mlongo wake wamkulu pamaso pa antchito.

Ndinatembenukira kwa amayi. Ndinawafunsa kuti zaka zonsezi, pondiimbira foni za mphepo ya Juni, analibe manyazi kodi?

"Ndikanakuuza ukanatani uli kutsidya? Ukanangosiya ntchito," anatero. "Chibale ndi fupa, mwana wanga. Lefani ndi amene amatidyetsa pano. Komanso uthokoze, mafuta akowo anatithandiza. Pofika Lamulungu miyendo imakhala itasalala, mwana amalowa m'tchalitchi ngati ana a anthu."

Analankhula mofatsa, akundiyamikira ndithu. Pamenepo ndinangokhala pansi pafumbi. Ku Joni anandikwapula anthu osandidziwa, tsiku limodzi, ndipo ndinamenyako mmodzi. Mwana wanga anakwapulidwa zaka zitatu pakati pa abale ake, mudzi wonse ukuona, ine ndikulipira wonyamula katundu kuti mabalawo azibisika bwino.

Tsiku lomwelo ndinamutenga. Achimwene anatumiza mawu kuti ndikatuluka ndi mwanayo ndisadzapondenso pabwalo, ngakhale pa maliro a amayi. Ndinawayankha kuti zimenezo n'zawo. Pano tikuchita lendi kachipinda kuseri kwa msika wa Nsaru, ndimagulitsa kaunjika, Tadala anabwerera kusukulu, ali kumbuyo ndi makalasi awiri. Amayi amabwera pa tsiku la msika, amaima patali, nthawi zina ndimawapatsa moni, nthawi zina ayi.

Miyendo ya Tadala inapola. Kutuwa kunatha m'miyezi iwiri, mizere yokha ndiyo yatsala, ndipo namwino wa kuno akuti ina sidzachoka. Amadzola tsiku lililonse, koma yekha, atatseka chitseko. Kamodzi ndinayesa kumuthandiza kuseri kwa maondo kumene iye saona bwino. Ndinangoviika chala m'botolo, mwanayo thupi lonse linauma gwa, mkodzo n'kutsika m'miyendo, msungwana wa zaka khumi ndi zitatu. Ndinatseka botolo n'kutuluka panja. Chichokereni ku Joni, miyendo ya mwana wanga sindinaidzozepo ngakhale kamodzi.