Mfundo ya pa Chiwongolero

Loweruka loyamba la mwezi wa June, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndinkasesa pabwalo pomwe bambo ankakonzera magalimoto, kuseri kwa nyumba yathu pa Ntcheu. Tsikulo ndimalikumbukira bwino chifukwa ndinalilemba m'kope langa lobisika, lomwe linkamva zonse zimene pakamwa panga pankakanika kunena.

Pabwalopo panali galimoto ya aNangondo, mayi wopikula mpunga ku Bwanje, amene nthawiyo anali oyembekezera. Bambo anali atamasula zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala. Asanapite kumsika kukafuna sipeya, anamangirira chiwongolerocho kumpando ndi legeni ya chubu cha tayala, n'kundiuza kuti pasapezeke wochigwira.

Ine, mwana woopa ngakhale kukweza dzanja m'kalasi, ndinalowa m'galimotomo. Munkamveka fungo la mpunga watsopano. Ndinamasula legeni ija. Chiwongolero chinali chopepuka ngati lichero, chikungozungulira osafika pothera. Ndinachizunguza, m'maganizo ndikupita kutali, mpaka ndinamva kaphokoso mkati mwake ngati ulusi waduka. Ndinamanganso legeni mmene timamangira mtolo wa nkhuni, n'kubwerera ku tsache langa.

Bambo atabwera anaiyang'ana mfundoyo nthawi yaitali. Kenako anaimasula, n'kupitiriza ntchito.

Masana aNangondo anafika kudzatenga galimoto. Ataliza injini, nyali zonse za kutsogolo kwa woyendetsa zinazima kupatula imodzi yofiira, ya kachithunzi ka munthu wokhala pampando, chimpira chili pamimba pake. M'maso mwanga kamunthuko kanali aNangondo enieni. Bambo anawafotokozera kuti nyaliyo ndi ya eyabagi, thumba limene limafufuma pangozi kuti liteteze woyendetsa, ndipo ikamayaka ndiye kuti thumbalo silingagwire ntchito.

Bambo anayang'ana mafyuzi, anagwada n'kusuzumira mawaya a pansi pa mipando, zonse zinali bwino. Kenako anadinikiza hutala. Sinalire. Pamenepo anachotsa waya wa batire, anadikira pang'ono, n'kuzula chiwongolero. Kuseri kwake anatulutsako waya wopyapyala wokulungidwa ngati riboni ya m'tsitsi. Unali utaduka. Anati hutala ndi thumba lija zimadalira waya umenewo, ndipo umaduka chiwongolero chikazungulira mopitirira.

"Ndinabwera ndi matenda amodzi, mukundibwezera awiri," anatero aNangondo. "Anandichenjeza anthu za amakaniko a kuseri kwa nyumba. Ingomatani tepi yakuda pa nyaliyo ndizipita, mpunga ukundidikira."

"Mayi, nyali sinalakwe, yangonena," bambo anayankha mofatsa. "Njira ya ku Bwanje ija ndi yotsetsereka, ndiponso inu muli awiri. Nyaliyi sindingaitseke pakamwa. Kulakwa n'kwanga, chiwongolero sindinachisamale."

Ndinali chiimire ndi tsache m'manja, pafupi ndi bambo moti akanandigwira. Ndinangoyambanso kusesa. ANangondo anapita kukakwera minibasi, akunena kuti anzawo onse a mpunga amva. Bambo, amene anthu ankawasiyira galimoto osafunsa kawiri, anawaperekeza mpaka pamsewu, chipewa chili m'manja.

Atabwerera anandituma madzi osamba m'manja. Ndikuwathirira, anandifunsa ngati ndatha kusesa. Ndinangogwedeza mutu. Anandiyang'ana pang'ono, ngati pali china akuyembekezera, kenako anapukuta manja mu ovolosi.

Lero ndimayendetsa galimoto yangayanga, ndipo kamunthu kofiira kaja kakayaka poliza injini, ndimadikira mpaka kazime. Ndinazindikira mochedwa kuti bambo anadziwa kuyambira m'mawa, chifukwa mfundo ya nkhuni iwo sankamanga. Ananyamula manyazi anga pamaso pa mlendo, n'kundisiyira ine mpata woti ndinene ndekha. Tepi imene anakana kumata pa nyali, ine ndinali nditaimata pakamwa panga.

Kopelo ndikadali nalo. Tsamba la tsikulo lili ndi mizere yofufutafufuta, koma womaliza ndinaulemba modinikiza mpaka bolopeni inaboola pepala: "Mawa, tisanapite ku Misa, ndiwatengera bambo legeni ija, ndimange mfundo yanga iwo akuona, kenako ndinene."