Chikasu pa Kambuzi Wanga

Ine ndine mlimi wa fodya. Ndinali, tinene choncho. Pano ndili ku Ulaya, ndimanyamula makatoni kuweyahausi ku Tipton, kugona ndimagona ku Erdington, m'nyumba ya lendi, chipinda cham'mwamba. Anatibweretsa kuno ndi akazi anga. Iwo anapeza ntchito yosamalira okalamba, ine ndinabwera pa viza yawo. Sukulu sindinapite nayo patali. Chomwe ndimadziwa ndi tsamba.

Pochoka kwathu ku Dowa ndinathyola tsabola wa kambuzi kuseri kwa chigafa. Chitsamba chimenecho palibe anachibzala. Chinamera chokha bambo anga adakali moyo. Chikauma, china chinkamera pomwepo. Ndinaumitsa tsabola wochepa n'kumuika m'thumba la jekete.

Kutayamba kufunda kuno ndinafesa njere zonse m'kabeseni, monga timachitira panazale. Mbande zinamera zoonda, zazitali, zambiri n'kugwa. Unatsala mtengo umodzi. Ndinauwokera m'ndowa ya penti yomwe ndinaboola pansi ndi msomali, n'kuuika pawindo, pamwamba pa hita. M'miyezi yotentha unakula bwino, unandifika m'chiuno ndowa ili pansi. Maluwa anabwera mochedwa. Anayoyoka onse osabereka.

Nthawi yomweyo mng'ono wanga, amene anatsala pakhomo, anandiimbira foni. Anati chigafa chinagwa ndi chiswe, ndiye walambula malo onsewo, wathira simenti, wamanga khola la nkhumba. Ndinamufunsa za chitsamba chija. Anati, "Achimwene, tsabola ali mbwee pa Mponela." Iye fodya sanamukonde, ndipo kuseri kwa chigafa sankapitako.

Choncho kambuzi wa pakhomo pathu anatsala m'ndowa ya penti ku Erdington. Njere ndinalibe. Mtengowo ukafa, basi kwatha.

Mu Novembala masamba am'munsi anayamba chikasu.

Sindinachite mantha. Tsamba ndimaliwerenga. Fodya akayamba chikasu m'munsi, tsamba lonse mofanana, chikasucho n'kumakwera, imeneyo ndi njala. Umathira feteleza, sabata isanathe munda wada bii. Tsamba likapsa m'mphepete ngati lawauka ndi moto, ndi njala ina. Likayera pakati mitsempha ili yobiriwira, nthaka yatopa, pafunika manyowa. Bambo anga ankathyola tsamba, kuliyang'ana chakudzuwa, n'kunena vuto tisanafike kumapeto kwa mzere. Ine ndinaphunzira poyenda pambuyo pawo nditanyamula thumba.

Ndinayang'ana masamba a kambuzi. Ndinati njala.

Ndiponso inali nthawi yake. Mu Disembala kwathu mvula yagwa, aliyense ali m'munda. Mng'ono wanga ankatumiza mavidiyo pafoni. Chimanga chofika m'mawondo, akazi atawerama, wina akuboola ndi kamtengo, wina akuthira yuleya ndi kachivindikiro ka botolo, wina akukwirira ndi chidendene. Ndinkaonera m'basi popita ku shifiti. Kunja kuli mdima, magalasi a basi akuchucha. Manja ankandiyabwa. Chibadwire sindinaonepo Disembala wopanda feteleza m'zikhadabo.

Ndinagula feteleza wamadzi wam'botolo. Pabotolo analemba muyezo wake. Ndinaona kuti ndi wochepa, wa maluwa a azungu, ndinawonjezera. M'mawa uliwonse ndisananyamuke ndinkathirira, poti kwathu mwezi umenewo nthaka siuma. Masamba a tiyi otsala ndinkakhuthulira momwemo. Akazi anga anati ndowayo ikudya bwino kuposa iwo.

Chikasu sichinasiye. Chinakwera. Nsonga za masamba zinayamba kupsa, masamba n'kupindikira pansi ngati zikhadabo za nkhuku. Pamwamba pa dothi panachita zoyera ngati mchere. Timantchentche takuda tinayamba kuuluka ndikagwedeza ndowa. Ndikabwera kuntchito ndinkapeza masamba pahita, ouma. Ndinkawatola n'kuwaika m'thumba kuti akazi anga asaone. Ndinati njalayi ndi yaikulu. Ndinathiranso.

Kuntchito kuli mnzanga wa ku Chipata, woyendetsa fokolifiti. Anaona ndikutembenuza tsamba pa nthawi yopuma. Nditamuuza anaseka. Anati pafupi ndi ngalande pali shopu yogulitsa nyale ndi matenti olimira m'nyumba. Anati kumeneko kumapita anthu a chamba, koma za masamba achikasu palibe amawaposa, chifukwa iwo tsamba limodzi likadwala sagona tulo. Ndinati ine chamba sindinalimepo. Anati, "Mulamu, palibe amene akufunseni. Onse kumeneko amalima matimati."

Ndinapita Loweruka masana. Masamba ndinawaika m'pepala la buledi. Shopuyo inali m'kati mwa mafakitale akale, yopanda mawindo. Mwini wake anali mzungu wachikulire, wandevu zaimvi, manja onse ojambulidwa zithunzi pakhungu. Chizungu chake chinali cha komweko, cholemera, ndinkatolapo mawu amodziamodzi. Anandiyang'ana, anayang'ana pepala lija, n'kufunsa ngati ndi matimati, uku akutsinzinira diso limodzi. Ndinati tsabola. Anaseka, anati bodza limenelo ndi latsopano, sanalimvepo.

Ndinayala masamba pakauntala. Kuseka kunatha. Ndikuganiza kuti anakhumudwa pang'ono kuona kuti ndi tsaboladi. Anatenga tsamba limodzi n'kuliyang'ana chakunyale. Bambo anga ankagwira chimodzimodzi, ndi zala ziwiri, pakaphesi. Ndinayang'ana kumbali.

Ndinamuonetsa chithunzi cha ndowa pafoni. Anafunsa kuti ndimathirira kangati. Ndinamuuza. Anafunsa za feteleza. Ndinamuuza. Anagwira mutu. Kenako anafunsa kuti mtengowo umaona kuwala nthawi yaitali bwanji pa tsiku.

Funso limenelo palibe anandifunsapo moyo wanga wonse. Kwathu timafunsana za mvula, za mbewu, za feteleza, za mbozi. Dzuwa sitifunsana. Limangokhalapo, mpaka timalithawa. Ndinaima pakauntalapo n'kuganiza. Ndimachoka kunyumba kuli mdima, ndimabwera kuli mdima. Windo lathu linapenya khoma la nyumba ina. Ndinati sindikudziwa.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, akuloza ndi cholembera. Anati chikasu choyamba chija sichinali njala. Masiku anafupika, mtengo unayamba kutaya masamba akale kuti ugone. Mtengo sudya mumdima. Feteleza yense ndinathira uja anangokhala m'dothi, n'kusanduka mchere, mcherewo ukuwotcha mizu. Nsonga zopsazo ndi umboni wake. Madzi nawo sakuuma, mizu yamira. Mizu ikafa tsamba limaonetsa njala ngakhale chakudya chili tho, ndiye munthu umawonjezera, n'kumaliza kupha. Anati anyamata ake a matimati amachita zomwezo chaka chilichonse.

Ndinafunsa mankhwala ake. Anati njira ndi ziwiri. Kugula nyale yoti iziwala tsiku lonse, mtengo uziyesa chilimwe. Apo ayi, kuuzula, kutaya dothi, kudula mizu yoola, kudulira nthambi, kuuchotsa pahita, n'kuusiya ugone mpaka masiku atalike. Osathira feteleza. Madzi pokhapokha dothi likauma mpaka m'kati. Anandiyatsira nyale imodzi kuti ndione. Inawala mtundu wapepo, manja anga anaoneka ngati a maliro.

Ine ndinafuna nyale. Nyale ndi ntchito, munthu ukuchitapo kanthu. Ndinakauza akazi anga akusita yunifolomu. Anaimika simbi.

"Nyale yapepo pawindo? Mu Erdington muno?"

Ndinati ndi ya tsabola.

"Bambo, mwaiwala nyumba ya pakona ija? Apolisi anathyola chitseko anthu akuonerera. Alandilodi akadutsa n'kuona windo likuwala choncho aimbira ndani? Viza yomwe mukudyerayi ndi yanga. Ndikawauze kuofesi kuti ndi kambuzi?"

Ndinati apolisi akabwera aona okha kuti ndi tsabola.

"Aona mtengo wopanda masamba, ndi inu. Nkhope yanuyo ikuoneka ngati ya mlimi wa tsabola?"

Anapitiriza kusita. Nkhani ya nyale inathera pomwepo. Sanalakwe. Anavutika kuti tifike kuno, ndipo ana athu kumudzi akudya thukuta la mayi awo.

Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinayala mapepala kubafa n'kugubuduza ndowa. Dothi linatuluka lonse pamodzi, lozizira, likudontha. Fungo lake linali la matope a kudambo. Mizu yambiri inali yofiirira, ndikaigwira inkasupuka. Yoyera inali yochepa, cham'mwamba. Ndinadula yoolayo ndi sizasi ya kukhitchini. Yotsalayo ndinaitsuka ndi madzi ofunda pang'ono. Ndinaika dothi latsopano m'kachitini kakang'ono. Nthambi ndinadulira mpaka kutsala kamtengo ka mphanda, ngati ka legeni. Ndinakaika pamasitepe, pomwe pali kawindo kopenya kumwera ndipo sipafika hita.

Januwale ndi amene anandivuta.

Kwathu Januwale munthu sakhala pansi. Kupalira, kubandira, kudula nsonga za fodya, kuthyola masamba oyamba. Msana umawawa, manja amada ndi phula la fodya, sopo osachotsa. Pobwera kumunda umadutsa m'chimanga chonyowa, malaya onse kunyowa, utsi ukutuluka m'madenga. Ndinkadana nazo nthawi imeneyo. Ndinkatukwana mvula, kutukwana khasu. Pano ndinkakhala pasitepe nditavala jekete, kuyang'ana kamtengo kouma, ntchito yanga n'kukhala yosachita kanthu.

Ndinkalowetsa chala m'dothi. Likadali lonyowa. Mawa lake chimodzimodzi. Kapu ya madzi ndinkafika nayo mpaka pamasitepe, n'kumwa ndekha. Botolo la feteleza akazi anga anapita nalo kuntchito kwawo, anati akathira maluwa a okalamba. Anati akalisiya m'nyumba ndiba ngati chidakwa.

Mphanda imodzi inauma, inachita makwinya kuchokera kunsonga. Ndinakanda khungwa la inayo ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira. Ndinkafuna kukanda tsiku lililonse. Ndinadziletsa.

Mng'ono wanga anaimba kundiuza kuti nkhumba yaswa. Anafunsa ngati tsabola wanga wa ku Ulaya wabereka. Ndinati ali bwino.

Febuluwale anadutsa. Malichi anadutsa theka. Tsiku lina ndikutsika basi pobwera kuntchito ndinaona kuti kukadali koyera. Sindinazolowere kuona msewu wathu masana pakati pa sabata. Nditakwera masitepe ndinawerama. Pamfundo ya mphanda yamoyo ija panali kanthu kobiriwira, kochepa ngati njere ya mapira. Ndinayesa kachilombo. Ndinakakhudza. Sikanayende.

Sindinauze munthu mpaka timasamba titatambasuka. Akazi anga anati anaona kale, ankangodikira kuti aone ngati ndilira. Ndinati ndilirenji, ndi tsabola.

Feteleza ndinayamba mochedwa, theka la muyezo wa pabotolo. Dzanja linkafuna kuwonjezera. Masamba anabwera obiriwira bwino, aang'ono kuposa a kwathu. Tsamba lina lam'munsi likachita chikasu ndinkalithyola, n'kuyang'ana kumwamba kaye ndisanayang'ane dothi.

Maluwa anabwera mu Juni, kwathu anthu atamaliza kukolola, akuwotha moto. M'nyumba mulibe njuchi. Ndinatenga kathonje kotokosera m'makutu n'kumagwiragwira duwa lililonse m'mawa, kuchoka pa ili kupita pa ilo. Mwamuna wamkulu, wa manja onyamula mabelo. Wokhala chipinda chapansi anandipeza ndikuchita zimenezo, anangodutsa mwaulemu.

Maluwa ambiri anayoyokabe. Limodzi linagwira. Kanatuluka katsabola kamodzi, kozungulira, kamakwinya, ndendende wa kwathu. Kanakula, kanayamba kupsa.

Sabata imeneyo akazi anga anapeza nyama yambuzi kubutchala ya Asomali. Anaiphika bwino, ya msuzi wochepa. Atapakula anaima pakhomo la khitchini, mpeni uli m'manja.

"Bambo, kathyoleni uja. Theka lokha. Chaka chonse takhala tikumulera."

Ndinati ayi.

"Kungonunkhiza m'mbale basi."

"Ameneyo ndi wa mbewu. Aumire pamtengo."

Anandiyang'ana. Ndinaona kuti nawonso akumufuna, osati pang'ono. Anabweza mpeni m'dirowa, anatulutsa tsabola wam'botolo wogula kushopu. Tinadya. Anali wowawa, basi, wopanda china. Titamaliza ndinapita pamasitepe kukatembenuza chitini kuti mbali ya katsabolako ipenye kudzuwa.