Chilimwe Chimene Atate Anaika Kabuleta

Fungo la petulo wotayikira pa dothi lotentha limandibwezera ku Luangwa, ku Kitwe, m'chilimwe chimene ndinali mu giredi folo. Atate anali atachotsedwa ntchito ku mgodi, ndipo anagula kavaneti kakale kochokera ku Japan kuti azinyamulira anthu makala ndi simenti. Kanayenda pang'ono, kenako kanangoti zii pansi pa mtengo wathu wa mapeyala. A Mwansa, makanika wa mumsewu mwathu, anati kabokosi ka kompyuta kogawira injini petulo ndi moto kapsa, ndipo kena sikangapezeke. Nzeru yawo inali yoti azule zamakono zonsezo, aike kabuleta ndi disitibyuta ngati galimoto za makedzana.

Anazuladi. Mawaya anatuluka mtolo wathunthu ngati matumbo a mbuzi. Atate anatenga kabokosi kaja n'kukaphwanya ndi hamala pamwala wochapira, tizidutswa tobiriwira n'kumwazika mpaka m'dimba la repu la amayi. Kabuleta anakaigula kwa ogulitsa zitsulo zakale, yakuda bii, ndipo a Mwansa anaitsuka ndi mswachi m'chitini cha petulo. Mabowo ake sankagwirizana ndi a injini, choncho anasema chitsulo china choika pakati. Tupa inkalira tsiku lonse mpaka mano kuyabwa.

Koma injini inakana. Atate ankathira petulo wa m'botolo kukhosi kwa kabuleta, n'kuthamangira kukapotokola kiyi, a Mwansa akusuntha disitibyuta pang'onopang'ono. Sitata inkangolira, ngwe ngwe ngwe, mpaka batire kutha. Nthawi zina injini inkaphulika ngati mfuti, lawi n'kutulukira m'kabuleta, ndipo tsiku lina linawawula atate nsidze zonse.

A Mwansa akangotuluka pageti, mkwiyo wonse unkalowa m'nyumba. Chifukwa sichinkasowa: ndiwo zachepa mchere, madzi osamba atentha kwambiri. Atate ankamenya amayi ndi lamba wakale wa fani, akatopa ndi lamba ankaponya zibakera. Ndinkabisala kuseri kwa diramu la madzi, ndikumva mutu wa amayi ukugunda chitseko, aneba akukweza wailesi. Ndinkaopa kuti tsiku lina amayi sadzadzuka. Ku Misa anzanga akamapempherera mayeso, ine ndinkapempherera kabuleta, poti m'mutu mwanga injini ikanalira, lamba akanapuma.

Loweruka lina a Mwansa anazindikira kuti mawaya a mapulagi anasemphana. Anatsegula chivundikiro cha disitibyuta, amayi ataima pomwepo ndi jagi ya chakumwa cha munkoyo, a Mwansawo n'kuloza kanthu kakuda kotalika ngati chala. "Ba Phiri, aka ni ka rota," anauza atate. "Ndiye kapeleka mulilo ku mapulagi. Ngati kulibe aka, motoka ni chitsulo chabe." Anakonza mawaya aja, atate anapotokola kiyi, ndipo injini inabangula, utsi wakuda n'kudzaza bwalo. Ndinavina opanda nsapato mpaka fumbi kobo!

Atate anapita nako kavaneti kaja kumowa kukaonetsa anzawo. Anabwera dzuwa lisanalowe, n'kufunsa chifukwa chake amayi sanalulutire injini italira. Tsiku limenelo sanafune n'lamba yemwe. Anatenga sipanala yaikulu, amayi anatchinga nkhope ndi mkono, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. "Manje ngati ufuna kuthawa, thawa," anatero atate akupuma mwawefuwefu. "Nizakupeza ukalibe kufika ku stesheni."

M'mawa mwake atate ali m'bafa ya panja, amayi anandiitana ndi maso. Anandiuza kuti ndigwire boneti, iwo n'kumasula chivundikiro chija ndi dzanja lamanzere, kuzula rota, n'kuimanga pamfundo ya chitenje. Tinatuluka osanyamula ngakhale bulangete. Tisanakhote pa ngodya tinamva atate akukuwa dzina la amayi, kenako sitata, ngwe ngwe ngwe, osagwira. Amayi sanacheuke. Mkono unali utatupa ngati mtondo, koma ankandikoka mwamphamvu moti ndinkachita kuthamanga.

M'basi ya ku Ndola ndinalira njira yonse, ndipo sindinkalirira mkono wa amayi ayi. Ndinawakwiyira kuti aipha galimoto itangochira kumene, pamene zinthu zimati ziyambe kukhala bwino. Amalume anatilandira ku Chipulukusu n'kupita nawo kuchipatala, ndipo ku Luangwa sitinabwererenso. Zinanditengera zaka kuti ndivomere chimene ndinaona ndi maso anga, kuti fupa lija linathyoka tsiku limene injini inalira. Mkonowo unapola mokhota, ndipo mpaka lero amayi amasainira ndi dzanja lamanzere.