Amene Sanalandire Bata

Bata yanga, yunifolomu ya sukulu, inali yoyera, yayitali mpaka m'mawondo, ndipo inkanunkha sopo wa kunyumba kwa munthu wina. Ndinaivala pamwamba pa malaya anga, manja ake n'kuwapinda kawiri. Si ine ndinayamba kuivala, ndipo sindikudziwa amene anaivala pambuyo panga.

Sukulu yathu sinali ya boma. Inali m'nyumba yakale yosungiramo chimanga kuseri kwa msika wa Milange, ndipo inkatola amene sukulu zina zinawakana: ife amene tinayambira maphunziro kutsidya kwa mtsinje wa Ruo n'kubwerako opanda Chipwitikizi, anyamata a ndevu ochokera ku Molumbo, atsikana amene anasiyira panjira podwazika makolo. Pachipata panali chikwangwani chonena kuti aliyense wolemba mayeso pano amakhoza. Alendo a bungwe limene linkathandiza sukuluyo ankabwera pa galimoto kudzachijambula.

Amayi sanachikhulupirire. "Ndi munda wake uti umene mbewu zonse zimamera?" ankatero. Koma amalume, amene ankakonza njinga pamsika, anati aphunzitsi ndi mnzawo, ndipo anandiperekeza okha.

Ndinkakhala benchi imodzi ndi mtsikana wa ku Majaua. Masamu sankamuvuta, koma akamuimiritsa kuti ayankhe m'Chipwitikizi, Chilomwe chinkatulukira pakati pa mawu, kalasi n'kugwa ndi phwete. Ine ndinkamunong'oneza mawu, iye n'kumandikonzera masamu ndi chala pafumbi la benchi. Bambo ake anamupatsa chaka chimodzi chokha. Akapanda kulemba mayeso chaka chimenecho, basi, kumunda.

Nandolo atayamba kuuma, mabata anabwera m'katoni. Aphunzitsi anayenda pakati pa mabenchi mosafulumira, kuika bata patsogolo pa uyu, kumudumpha uyo. Pa benchi yathu anaikapo imodzi, patsogolo pa ine. Odumphidwawo anawauza kuti mabata ena ali m'njira, ndipo podikira akathandize kukolola nandolo m'munda wa sukulu. Alendo atafika anapeza kalasi yoyera, yoyankha bwino. Pazenera pankalowa phokoso la ndodo zopunthira ndi kuthetheka kwa makoko padzuwa.

Kenako aphunzitsi anayamba kuyendera makomo a odumphidwa aja pa njinga. Ankalankhula mofatsa, chipewa chili m'manja: mwana wanu ndi wanzeru, koma sanapse, adikire chaka chamawa. Makolo ankathokoza. Ena ankawamangira nkhuku pakaliyala.

Ku koleji ndinaphunzira mmene chiwerengero cha okhoza chimapezekera, kuti amawerenga okhawo amene anakhala pansi n'kulemba. Kuyambira pamenepo ndikaona chikwangwani cha sukulu ndimayamba ndayang'ana kuseri kwa mpanda. Palinso china chimene chimandidya. Njinga imene inkazungulira makomo ija inkagona kwa amalume ikawonongeka, ndipo inkatuluka ndi tcheni chatsopano. Chipwitikizi changa sichinkaposa cha ena amene anapita kumunda. Amalume anamwalira ndisanalimbe mtima kuwafunsa. Amayi ndikawafunsa, amayamba nkhani ya mvula.

Mtsikanayo sanabwererenso ku sukulu. Patapita zaka ndinamupeza akugulitsa tomato ku Mongue, ndipo ndinamukwatira. Ndinamuika m'manda dzinja lapitali. Nthawi yonse imene tinakhala limodzi nkhani ya sukulu ija sanaitchulepo, ngakhale pamene ankandithandiza kuchonga masamu a ana amene ndimaphunzitsa. Ankachonga mofulumira kuposa ine.

Tsiku limene zotsatira za mayeso athu aja zinatuluka, tonse olemba tinakhoza. Panali ng'oma, ndipo alendo anatijambula titandanda pachipata. Mtsikana uja anaima kunja kwa mpanda, mikono ili ndi zokala za kumunda, akuomba m'manja ngati ena onse. Ndinathamangira komweko.

"Chaka chamawa ndi iweyo," ndinatero. "Aphunzitsi anena okha."

Anandiyang'ana osaseka, osakwiya.

"Iwe ndiwe mwana," anatero.

Ndinanyanyala njira yonse yopita kunyumba, poti ankandiposa ndi miyezi yochepa chabe. Ndinali ndisanazindikire kuti mwa onse amene anawauza za chaka chamawa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachifikapo, ndi kuti iye anali atadziwa kale, komabe anabwera kudzandiombera m'manja.