Matama Alinawo, Kudzikuza Alibe

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinachotsedwa sukulu. Ndinali ndi zaka ngati khumi, ndipo nkhondo yoyamba ya azungu inali isanabuke. Tinkakhala kunsi kwa phiri la Soche, kumene lero mumati Chilobwe, nyumba zikadali zowerengeka pakati pa minda. Sukulu yathu inali yofolera ndi udzu, ndipo atsikana tinalimo anayi okha. Pa anayiwo ine ndi amene ndinkawerenga bwino, ndipo ndisakunamizeni, ndinkadzimva koopsa. Mudzi wonse ndinali nditauuza kale kuti ndidzakhala mphunzitsi. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine ndinkayesa akunena mbuzi za eni.

Abambo anga anali mmisiri wa matabwa. Ankapala zitseko za nyumba za njerwa zimene zinkamangidwa m'tauni, ndipo pakamwa pawo sipankapuma. Mlendo akangokhala pansi, madzi akumwa asanafike n'komwe, ankayamba kumuuza kuti Blantyre yense amalowa ndi kutuluka pa zitseko zawo. Amayi, amene ankachapa ndi kusita zovala za azungu, ankangopukusa mutu n'kunena kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Tsiku silinkatha osawatchula bambo wamatama, ndipo abambowo ankangoseka.

Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu pamsewu ankayenera kuvula chipewa n'kupatuka. Tsiku lina abambo akutsikira kumtsinje wa Mudi, macheka kudzanja lino, bokosi la zipangizo kudzanja linalo, anakumana ndi mzungu wina atanyamulidwa pa machila. Abambo anapatuka n'kupereka moni, koma chipewa sanavule. Mzunguyo anaimitsa onyamula aja, natambasula ndodo, n'kuchigwetsera m'fumbi. Abambo anatula katundu wawo pansi, anachitola, anachisasa bwinobwino, n'kuchivalanso mzunguyo akuona. Anawagwira n'kuwatsekera ku boma masiku awiri, ndipo anabwerako msana uli ndi mizere ya chikoti.

Nkhaniyo inafika kusukulu ine ndisanafike. Aphunzitsi athu, a Makwinja, anali munthu wamantha amene ankatuluka thukuta akangomva kuti kukubwera woyendera masukulu. Ndikuganiza kuti ankaopa kumveka kuti akusunga mwana wa munthu woukira. Sabata yomweyo anatiphunzitsa za tchimo la kudzikuza, ndipo atafuna chitsanzo sanapite kutali. Anati aliyense alembe pa sileti kuti mmisiri wa chipewa ndi wodzikuza.

Anzanga analemba, ena akundiyang'ana cham'mbali. Ine sindinalembe. A Makwinja ataona sileti yanga ili mbee, anati andipatsa mpaka mawa. Mawalo ndikalembe pa bolodi, pamaso pa onse, kuti abambo anga ndi odzikuza, apo ayi ndisadzapondenso pasukulupo.

Pobwerera kunyumba mtima unayamba kukhala pansi. Ndinadzifunsa kuti chovuta n'chiyani, poti amayi amanena zomwezo tsiku lililonse ndipo palibe amene amafa nazo. Ndinawapeza pakhonde akusita malaya oyera, fungo la makala ndi sopo lili ponseponse. Ndinawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi kunena kuti ndikangolemba basi, popeza iwonso amawatchula choncho.

Amayi anaimika simbi pamwala.

"Iwe Esinati, unandimva liti ndikuti abambo ako ndi odzikuza?"

Ndinati dzulo lomwe, pa nkhani ya zitseko ija.

"Ndinati amatama. Makutu akowo ndi ongokongoletsa mutu?"

Ndinayankha kuti ndi chimodzimodzi, ndipo sindinawaonepo atakwiya ngati tsiku limenelo. Anati anthu a sukulu timadziwa kulemba mawu koma kuwamva ayi. Wamatama, iwo anatero, amadzifufumitsa yekha ngati chule, ndipo ukamuseka naye amaseka. Amakutopetsa makutu koma sakulanda kanthu. Anatchula mayi wina wa pafupi nafe amene ankabisa ndiwo alendo akabwera, nati ameneyo ndiye wodzikonda. Kenako anandiloza ine ndi chala n'kunena kuti wodzimva ndisakamufune kutali, ndi kamtsikana kamene kamamva mawu ake okha m'dziko lonse lino. Apo ndinazyolika. Koma wodzikuza, anati, ndi mtundu wina. Iye sakula pokhapokha wina achepe. Amafuna mnzake agwade kuti iye aoneke wamtali.

"Tsono undiuze," anatero akuuzira makala a m'simbi, "pamsewu paja anafuna kuchepetsa mnzake ndani?"

Ndinafunsa chabe kuti nanga mawa ndikatani. Ndinkayembekeza kuti andiletsa kapena andilola, kuti mlandu ukhale wawo. Iwo anangoti dzanja ndi langa, sukulu ndi yanga, ndipo anapitiriza kusita. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa sukuluyo ndinkaikonda kuposa chakudya.

M'mawa mwake a Makwinja anandiitana kutsogolo n'kundipatsa choko. Zilembo zanga zinali zokongola monga mwa nthawi zonse. Ndinalemba kuti: Abambo anga ndi amatama.

Kalasi lonse linafa ndi phwete, pakuti panalibe amene sanamvepo za zitseko zija. A Makwinja nawo anamwetulira pang'ono, nati ndayandikira, ndingofufuta mawu omalizawo n'kuikapo amene anandiuza, popeza tanthauzo lake ndi limodzi.

"Si limodzi, aphunzitsi," ndinatero. "Matama alinawo. Kudzikuza alibe."

Kuseka kuja kunatha. Akanandisiya pomwepo mwina bwenzi nkhani itazizira, koma anafuna kundichititsa manyazi. Anandifunsa kuti popeza ndasanduka katswiri wa Chinyanja, ndiwauze wodzikuza ndani.

"Amene anagwetsa chipewa."

Anayang'ana kukhomo kaye, ngati kuti mzunguyo waima pomwepo. Kenako anatenga ndodo yawo ya nsungwi n'kundimenya m'manja kasanu ndi kamodzi. Pa chikwapu chilichonse ankandifunsa ngati ndilemba, ine n'kumati ayi, misozi ndi mamina zili chuchuchu. Pomaliza anati ndine wamwano, wodzikuza kuposa abambo anga, ndipo nditenge sileti yanga ndizipita. Ndinatuluka manja atatupa, sileti nditaipana m'khwapa chifukwa sindikanatha kuigwira.

Madzulo ake abambo anamva zonse. Tsiku lotsatira anapita kukachonderera a Makwinja, chipewa chili m'manja. Zimenezi ndinazimva kwa anzanga, iwo sanandiuze. Chipewa chimene anakana kuvulira ndodo ya mzungu anachivula okha pamaso pa mphunzitsi wamantha, chifukwa cha ine. A Makwinja anati khomo lili lotsekula ngati ndilemba mawu aja. Abambo anabwera n'kundiuza kuti ndikalembe, iwo sizidzawapweteka, mawu a choko amafufutika. Ndinawakanira nawonso. Anandiyang'ana, nati mutu umenewu ndi wa amayi anga, ndipo sanabwerezenso.

Sindinakhale mphunzitsi. Ndinakula ndikuthandiza amayi kuchapa ndi kusita, ndipo ntchito imeneyo ndi imene ndakalamba nayo. Mwa anzanga atatu aja mmodzi anadzaphunzitsa, ndipo ndikakumana naye atanyamula mabuku ndinkamva nsanje yoti sindingaibise. Amene amati chilungamo sichiluza kanthu sanachilipirepo.

Kuyambira pamenepo ndatchedwa wodzikuza kambirimbiri, ndi madona amene ndinkawasitira, ndi akumpingo, ngakhale ndi malemu amuna anga. Ndinaphunzira kusathamangira kukana. Ndimayamba ndadzifunsa ngati pali amene ndamupondereza kuti ine ndioneke, ndipo nthawi zina ndimapeza kuti alipo, n'kukapepesa, pakuti kudzimva kuja sikunandithere. Koma kawirikawiri ndimapeza kuti wonditchulayo ankangofuna ndiwerame, ine osawerama. Anthu amphamvu amakonda kutenga dzina la matenda awo n'kulipachika pa amene wawakanira, ndipo amakondwa koposa ukalilemba wekha ndi dzanja lako.

Sukulu ija imandiwawabe, ndipo ndidzapita nayo kumanda ikundiwawa. Koma a Makwinja atadzuka lero n'kundipatsa choko, n'kunena kuti ndingosintha liwu limodzi lokha andibwezere zonse zimene ndinataya, ndingawauze kuti atenge ndodo yawo, manja ndi awa.